Mbiri ya MBC ndi Amayi a M'masewero Ake

Bungwe loulutsa mawu la Malawi Broadcasting Corporation, limene tonse timangoliti MBC, linakwanitsa zaka 60 mu 2024. Ambiri akamalemba mbiri yake amatsata ndale: ndani ankalankhulapo, ndani ankamanidwa mpata. Mbiri imeneyo ndi yoona, ndipo tiikhudza. Koma m'midzi ya kwa Kalolo, kwa Kabudula, kwa Khongoni ndi kwa Malili, chimene chinamangirira anthu ku wailesiyi kwa zaka zambiri chinali sewero, ndipo pakati pa sewerolo pankamveka mawu a mzimayi amene ankakhala mayi wa pakhomo. Mbiri ino ndalembera makamaka achinyamata amene akulowa m'magulu a zisudzo ndi m'makalabu omvera wailesi ku Namitete, ku Nsaru, ku Mpingu ndi ku Nambuma, kuti adziwe kumene ntchito yawo inachokera ndi amayi amene anaisenza.

MBC isanabadwe, Chinyanja cha pa wailesi chinkachokera ku Lusaka. Kumeneko kunali nyumba youlutsira mawu ya Central African Broadcasting Station, imene inkatumikira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotsika mtengo koyendera batire, kotchedwa Saucepan Special chifukwa thupi lake linali loumbidwa ngati poto. Kankapangidwa ndi kampani ya Ever Ready ndipo kankagulidwa mapaundi 5, ndalama zimene mlimi wamba sakanazipeza msanga. Ankakhala nako ndi aphunzitsi, makalaliki ndi anthu obwerera kuchokera ku Halale ndi ku Joni. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakhazikitsidwa mu 1953, wailesi inadzakhala m'manja mwa Federal Broadcasting Corporation, ndipo anthu ambiri kuno ankaiona ngati pakamwa pa boma limene sankalifuna. Chitaganyacho chinatha pa 31 Disembala 1963. Mu 1964, chaka chimene dziko linalandira ufulu pa 6 Julayi, lamulo la Nyumba ya Malamulo linakhazikitsa MBC, likulu lake ku Blantyre. Mkulu wake woyamba anali a Aleke Banda, ali ndi zaka pafupifupi 25 zokha.

Ntchito imene bungweli linapatsidwa inali kudziwitsa, kuphunzitsa ndi kusangalatsa mtundu umene unali utangodziimira pawokha. Anthu odziwa kuwerenga anali ochepa, nyuzipepala sinkafika kumudzi, misewu inkaduka mvula ikagwa. Wailesi yokha ndi imene inkatha kulankhula ndi munthu wa ku Nsanje, wa ku Nambuma ndi wa ku Chitipa pa nthawi imodzi. Chiyambi chinali chovuta. Amalawi ophunzira ntchito ya m'situdiyo anali owerengeka, zipangizo zinali zochepa, ndipo m'madera ena mawu ankabwera ndi kupita ngati akuchokera kutsidya kwa nyanja. Kumudzi vuto linali la wailesiyo ndi mabatire ake. Mawailesi a Nzeru, opangidwa m'dziko momwe muno, anathandiza kuti mabanja ambiri akhale nayo, komabe m'midzi yambiri wailesi imodzi inkatumikira nyumba zingapo. Mabatire akafooka ankawayanika padzuwa, ndipo mwini wailesi ankaizimitsa masana onse kuti mphamvu itsalire nkhani, mauthenga achisoni ndi sewero.

Mu 1968 munachitika zinthu ziwiri zimene zinaumba masewero a MBC kwa zaka zoposa 25. Choyamba, msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa ndicho chiyankhulo cha fuko, pamodzi ndi Chingerezi pa ntchito za boma, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Chachiwiri, kunakhazikitsidwa lamulo launika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndi bodi yake yoona zoyenera ndi zosayenera kuonetsedwa. Ife a kuno ku Lilongwe tiyenera kuvomereza kuti chigamulo choyambacho chinatikomera. Chichewa chimene ankachiyesa chenicheni chinali cha chigawo chapakati, ndipo mayi wa ku Kabudula akatsegula wailesi ankamva mawu ofanana ndi a mnzake wa pachitsime. Mayi wa ku Rumphi sanali ndi mwayi umenewo. Anadikira mpaka 1994 kuti amvenso chiyankhulo chake pa wailesi ya dziko lake, ndipo zaka zonsezo msonkho ankakhoma chimodzimodzi.

Lamulo lachiwirilo linatseka makomo ambiri. Sewero silinkatha kukamba za ndende, za makhadi a chipani, kapena za anthu amene ankangosowa. Olemba ndi okonza masewero anatsala ndi bwalo limodzi limene ankatha kuyendamo momasuka, ndilo banja. Pa chifukwa chimenechi masewero a MBC anakhazikika pakhomo: pa mtondo, pa nkhokwe, pa mlandu wa ukwati, pa ndalama za fodya zimene zathera ku mowa. Ndipo pakhomo pa Mchewa, munthu amene zonse zimamuzungulira ndi mayi.

Sewero limene linatchuka koyamba ndi la Kapalepale, limene dzina lake silisiyana ndi la a Smart Likhaya Mbewe. Kunabweranso Pamajiga, lokamba za moyo wa pantchito ndi wa m'tauni, ndi Sewero la Sabata Ino, limene linkapereka nkhani yatsopano mlungu uliwonse. Omvera Chingerezi anali ndi Theatre of the Air. Mphamvu ya Kapalepale inali yakuti ochita sewero sankawerenga liwu ndi liwu papepala. Ankagwirizana mutu wa nkhani ndi kumene ikathere, ndiye aliyense n'kulankhula monga momwe munthu wotero angalankhulire. Apa ndi pamene luso la amayi linaonekera. Mzimayi woima pa maikolofoni, wopanda nsalu yoti aimange m'chiuno anthu aone, wopanda nkhope yoti aikwinye, ankayenera kupanga mayi wathunthu ndi mawu okha. Kaitanidwe ka mwana kankasiyana akamamuitanira nsima ndi akamamuitanira mlandu. Kuyankha kwa "wawa" kwa mwamuna kunkatha kukhala ulemu, kunkathanso kukhala mkwiyo wobisa, ndipo womvera aliyense ankadziwa kusiyana kwake. Kuusa moyo kumodzi kunkanena kuti ufa watha m'nyumba. Zimenezi sizilembeka papepala. Amayiwo ankabwera nazo kuchokera kwawo, kwa amayi awo ndi kwa anamkungwi awo.

Mayi wa m'sewero sanali wamtundu umodzi. Panali mayi woleza mtima amene amaphimba zolakwa za mwamuna pamaso pa ana. Panali apongozi ovuta amene mkamwini sawakhutiritsa ngakhale alime mpaka dzuwa kulowa. Panali mayi wopeza, mkazi wamkulu wa pamitala, mayi wa m'tauni amene waiwala kwawo, ndi agogo olera zidzukulu. Kuno kwathu, kumene mwamuna amapita kuchikamwini ndipo ana ndi a mbumba ya kuchikazi, nkhanizi zinkagwa pamalo pake. Sewero likatha, mtsutso unkayamba pabwalo pomwepo: kodi ankhoswe aja anaweruza bwino? Kodi malume anali ndi mphamvu yochotsa mwana sukulu bambo ake ali moyo? Kodi mayi uja akanapirira kapena akanapita kwa amfumu? Mabanja ambiri anakambirana mavuto awo enieni pogwiritsa ntchito maina a anthu a m'sewero, chifukwa n'kosavuta kudzudzula apongozi a pa wailesi kusiyana ndi amene mwakhala nawo pa mphasa imodzi.

Tisaiwale nyengo imene amayiwa ankagwiriramo ntchito. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linkatcha amayi onse mbumba yake, iye n'kukhala nkhoswe yawo, ndipo malo a mzimayi pagulu anali kuvina pa misonkhano atavala nsalu ya chipani. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo linakhalapo mpaka 1993. Mzimayi wokwera pansanja kukachita sewero, kuyenda usiku ndi gulu la amuna, kapena kutchedwa mkazi wa munthu wina pamaso pa anthu, ankanenedwa zambiri kumudzi, kumpingo ndi kubanja. Wailesi inawapatsa amayi pobisala. Ankatha kulira, kukalipa, ngakhale kuyankha mwamuna mwamphamvu dziko lonse likumva, kenako n'kukwera basi kubwerera kunyumba popanda wowaloza chala. Koma pobisala pomwepo ndi pamene maina awo anatsalira. Maina a ochita sewero ankatchulidwa mwachangu kumapeto, nyimbo ikulira, ana atayamba kale phokoso. Omvera anasunga dzina la m'sewero, ndipo mwini mawu anamuiwala.

M'zaka za m'ma 1980 zisudzo za pansanja zinakula, ndipo zinkadyetsana ndi wailesi. Mpikisano wa masewero a m'sukulu za sekondale wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM unkatulutsa achinyamata aluso chaka ndi chaka. Ku Chancellor College ku Zomba, gulu la Travelling Theatre, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga a Chris Kamlongera ndi a David Kerr, linayamba kutengera masewero a m'Chichewa kumidzi. Ku Blantyre kunabadwa gulu la Kwathu, limene linatipatsa Izeki ndi Jakobo, a John Nyanga amene anatisiya mu 2016 ndi a Eric Mabedi amene anatisiya mu 2021. Mu 1987 a Du Chisiza Jr., atabwerako ku maphunziro ku America, anakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu loyamba m'dziko muno limene anthu ake ankafuna kudya za zisudzo zokha. Magulu onsewa ankadalira MBC kuti ilengeze kumene akukachitira masewero, ndipo MBC inkadalira magulu ngati amenewa kuti ipeze mawu atsopano.

Kenako kunagwa Edzi. Munthu woyamba kupezeka ndi matendawa m'Malawi anapezeka mu 1985, ndipo kwa zaka zambiri sankatchulidwa poyera, ngakhale pamaliro. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Pakati pa zaka zimenezi, zipatala monga cha St Gabriel's ku Namitete zinkadzaza, ndipo ntchito yodwazika inagwera amayi ndi agogo. Sewero ndi limene linayamba kulankhula zimene anthu ankaopa. Tinkanena linali limodzi mwa masewero a pa wailesi amene anakamba za matendawa. Mu 1997 bungwe la Story Workshop linayamba kuulutsa Zimachitika pa MBC, sewero lopitirira la moyo wa kumudzi, lokhudza njala, matenda, ndi nkhanza za m'banja. Mayi wa m'sewero anasintha pa nyengoyi. Tsopano anali wosambitsa mwana wake wamkulu amene wabwera kuchokera m'tauni atatheratu, wofunsa mwamuna kuti akayezetse, namfedwa amene achibale a mwamuna amulanda mbale ndi malata. Amayi amene anachita mbali zimenezi ankachita zinthu zimene ena mwa iwo ankaziona m'mabanja mwawo, ndipo omvera ankamva kuti misoziyo si yongopeka.

Ndale nazo zinatembenuka. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992, riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994 zinathetsa ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo Dr Banda anavomera kugonja kudzera pa MBC pomwepo. Chitumbuka chinabwerera, ndipo pambuyo pake nkhani zinayamba kuwerengedwanso m'Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi Kyangonde. Radio 2 inatsegulidwa mu 1997. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 linakhazikitsa bungwe loyang'anira zofalitsa mauthenga la MACRA ndi kutsegula khomo la mawailesi ena, monga Capital FM, Radio Maria, Radio Alinafe, ndi Zodiak imene inayamba mu 2005. Mu 1999 MBC inakhazikitsa nthambi ya Development Broadcasting Unit, imene inagwira ntchito ndi makalabu omvera wailesi kumidzi, kuti anthu ajambule okha madandaulo awo ndipo adindo ayankhe.

Kanema anachedwa. Nthawi yonse ya Dr Banda dziko linalibe wailesi ya kanema, pamene anzathu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe anali nayo kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Television Malawi inatsegulidwa pa 1 Epulo 1999 ku Kwacha mu mzinda wa Blantyre, pa ulamuliro wa a Bakili Muluzi, ngati kampani yapayokha. Sewero limene linagwira mitima pa kanemayo ndi Tikuferanji, lokonzedwa ndi bungwe la ADRA Malawi, limene linkamvekanso pa wailesi. Kwa nthawi yoyamba Amalawi anaona nkhope za anthu amene ankangowamva. Mayi wa m'sewero anaoneka ndi duku lake, ndi chitenje chake, akupeta, akugwada, akutsutsa. Kuno kumudzi, kumene magetsi anali osowa, anthu ankaonera pa sitolo, pa nyumba ya mphunzitsi, kapena pa kanema wolumikiza ku batire ya galimoto. A Michael Usi, amene dziko linawadziwa ngati Manganya wa mu Tikuferanji, anadzafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024. Dzina lawo lenileni aliyense akulidziwa. Koma funsani pa msika wa Nsaru maina enieni a amayi amene ankachita nawo masewero amenewa, mudzamva anthu akuyankha kuti "make uje aja", "mkazi wa uje uja". Kuonekera pa kanema kunawabweretsera amayiwa mtolo watsopano. Wochita mbali ya mayi wankhanza ankatha kunyozedwa mu minibasi ndi anthu osasiyanitsa sewero ndi moyo, ndipo malipiro sankafanana ndi kutchukako.

Pakati pa amayi onse a zisudzo amene anatisiya, pali mmodzi amene dzina lake linakana kubisika, ndipo ndikufuna achinyamata alidziwe: malemu Gertrude Webster Kamkwatira. Anabadwa cha m'ma 1966 ndipo anakulira m'gulu la Wakhumbata. A Du Chisiza anamwalira pa 24 Febuluwale 1999, patangotsala milungu isanu kuti Television Malawi itsegulidwe, ndipo ambiri ankati gululo lapita nawo kumanda. Mayi Kamkwatira ndi amene analinyamula. Anakhala mtsogoleri wake, kenako anadzayambitsa gulu lawolawo la Wanna-Do. Analemba masewero pafupifupi 13 m'Chingerezi, ena mwa iwo It's My Fault, lokamba za nkhanza za m'banja ndi kuponderezedwa kwa mzimayi, Breaking the News, lokamba za Edzi, ndi Jesus' Retrial. Anatsogolera bungwe la zisudzo la National Theatre Association of Malawi, anakhalanso wapampando wa COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Anamwalira mu 2006 ali ndi zaka pafupifupi 40, chaka chomwecho chimene Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja.

Chimene chimandigwira mtima pa moyo wawo n'chakuti sanakhutire ndi kupatsidwa mbali. Kwa zaka zambiri mayi wa m'sewero ankalembedwa ndi amuna, n'kuwongoleredwa ndi amuna, ndipo kawirikawiri ankathera pa kupirira. Mayi Kamkwatira anatenga cholembera okha. Anaika pansanja mzimayi womenyedwa amene amafika podziimba yekha mlandu, kuti oonera afunse kuti maganizo amenewo anawatenga kuti. Ndipo kutsogolera gulu la zisudzo m'Malawi si kulemba kokha. Ndi kufunafuna galimoto, kulipira holo, kumata zikalata zoitanira anthu, kugawa ndalama zochepa za pakhomo kwa anthu ambiri, ndi kutsimikizira makolo a mtsikana kuti mwana wawo abwera bwino. Anachita zimenezi pa nthawi imene mtsogoleri wachizimayi pa zisudzo anali wosowa. Atsikana amene lero akulemba ndi kuwongolera mafilimu, monga a Joyce Mhango Chavula amene filimu yawo ya Lilongwe inapata mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice mu 2016, akuyenda m'njira imene inalambulidwa ndi anthu ngati amenewa.

Tiwakumbukirenso malemu Maria Chidzanja Nkhoma, amene anaimba ndi MBC Band, anaulutsa mawu pa MBC, pa Channel Africa ku South Africa ndi pa Zodiak, ndipo anamwalira mu Januwale 2021. Mawu awo anaphunzitsa atsikana ambiri kuti mzimayi akhoza kukhala pa maikolofoni ndi ulemu wake wonse.

Bungweli lakumana ndi mavuto a ndalama ndi a ndale pafupifupi pa ulamuliro uliwonse. Chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimadandaula kuti MBC ikukondera boma, ndipo chikalowa m'boma dandaulo limachokera kwa ena. M'nyengo ya 2007 ndi 2008 aphungu otsutsa, amene anali ochuluka m'Nyumba ya Malamulo, anakana kupereka ndalama zoyendetsera MBC ndi Television Malawi mpaka kuziikira K1 yokha. Pofika mu 2011 mabungwe awiriwa anali ataphatikizidwa kukhala MBC imodzi. Ndalama zikachepa, sewero ndi limene limayamba kuvutika, chifukwa limafuna anthu ambiri, nthawi yokonzekera ndi situdiyo, pamene nyimbo kapena kucheza kwa pa foni zimangofuna muulutsi mmodzi. Motero masewero ambiri anayamba kudalira mabungwe obwera ndi uthenga wawo: za kulera, za masikito, za chisankho, za ukwati wa ana. Mauthengawa ndi ofunika, ndipo athandiza kuti anthu adziwe malamulo monga la 2011 loteteza chuma cha masiye ndi la 2015 loika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Koma ine ndimaona kuti pena mayi wa m'sewero anachepetsedwa. Anasanduka wonyamula uthenga, wolankhula ngati mlangizi wa zaumoyo, wodziwa yankho sewero lisanayambe. Mayi wa masewero akale ankalakwitsa, ankakondera mwana mmodzi, ankaseka, ankasunga mangawa. Ndi chifukwa chake anthu ankamukhulupirira. Amene mukulemba masewero lero ku Mpingu ndi ku Nambuma, ngakhale bungwe litakupatsani mutu, mulekeni mayiyo akhale munthu.

Kayendetsedwe ka bungweli lero kakutsata lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1998 ndipo limaika MBC ngati wailesi yotumikira anthu onse. Pamwamba pali bodi, ndipo ntchito za tsiku ndi tsiku zimayendetsedwa ndi mkulu wa bungwe, mothandizidwa ndi akuluakulu oyang'anira nkhani ndi mapulogalamu, zaumisiri, zamalonda ndi zachuma. Sewero limadutsa m'manja mwa mkonzi wa pulogalamu, amene amalandira nkhani, kusankha ochita, kujambula ndi kulumikiza mawu. Masitudiyo ali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ndalama zimachokera ku thumba la boma kudzera ku Nyumba ya Malamulo, komanso ku malonda ndi mapulogalamu olipiridwa. MACRA ndi imene imapereka chilolezo ndi kulandira madandaulo a omvera. Radio 1 ikadali ya ziyankhulo za m'dziko muno, ya alimi, ya mauthenga ndi ya masewero, Radio 2 imakonda achinyamata ndi nyimbo, ndipo MBC TV imafika m'nyumba kudzera pa madikoda monga a Kiliye Kiliye kuchokera pamene kanema anasamukira ku dijito.

Mpikisano ndi waukulu kuposa kale. Pa malo a malonda ngati Namitete ndi Msundwe, nyumba zoonetsera mafilimu zimadzaza ndi mafilimu akunja omasuliridwa m'Chichewa, ndipo achinyamata amaika masewero afupiafupi m'mafoni mwawo. Masola afikitsa kanema m'midzi imene mawaya a magetsi sanafike. MBC nayo inalowa pa intaneti, ndipo nkhani ndi mapulogalamu ake amapezeka pa Facebook.

Ntchito imodzi imene bungweli layamba, imene ndikufuna ifike patali, ndi yosamala zojambulidwa zakale. Matepi a makedzana amaonongeka ndi chinyezi ndi kutentha, ndipo makina owaseweretsa akusowa. Ngakhale BBC ya ku Britain inataya mapulogalamu ake ambiri a m'ma 1960 ndi 1970 chifukwa chofufuta matepi kuti ajambulirepo zina. Kuno, ndi thandizo la dziko la Norway, MBC inasamutsira pa kompyuta nyimbo zambiri zakale za m'nkhokwe yake, ntchito imene a Waliko Makhala anaigwira limodzi ndi a Sigbjørn Nedland. Masewero akufunika chisamaliro chomwecho, ndipo pa sewero lililonse palembedwe maina enieni a onse amene anachitamo, amayi ndi abambo, kuti COSOMA ndi mabanja awo adziwe mwini mawu. Magulu a kumudzi angathe kuyamba okha mwambo umenewu: kope limodzi la gulu, lolembamo tsiku, mutu wa sewero, malo, ndi dzina lonse la aliyense pambali pa dzina lake la m'sewero, ndiponso kutchula mainawo momveka pamaso pa anthu sewero likatha.

Pulogalamu ya Zokonda Amayi ikupitirira pa Radio 1. Inayamba ngati ya moni ndi nyimbo, koma inabala makalabu a amayi m'maboma ambiri, amene amasonkha ndalama, kuyendera odwala m'zipatala ndi kuthandiza ana asukulu osowa. Chaka ndi chaka MBC imawasonkhanitsa pa macheza aakulu m'nyengo ya Tsiku la Anakubala, limene m'Malawi limakhala pa 15 Okutobala. Masewero a m'Chichewa akumvekabe pa wailesi ndi kuoneka pa kanema, ena okonzedwa ndi bungweli, ena obwera ndi magulu ndi mabungwe akunja kwake, ndipo gulu la zisudzo la kwa Kalolo kapena kwa Kabudula limene lakonza sewero lake bwino likhoza kukagogoda ku situdiyo ya ku Lilongwe n'kufunsa mkonzi wa mapulogalamu.